Tsiku Limene Alamu Anga Ananola Mopyola

Alamu anga a Kuniharu alibe zikhadabo zoti n'kuonetsa pagulu. Aliyense wobwera kumudzi kwathu kuno ku Shirakabe, m'mapiri a Nagano, amayamba kuona zala zawo asanaone nkhope. Nyengo yotentha amanola mipeni ndi zikwakwa zodulira mpunga. Chipale chikangoyamba kugwa, amaika zonsezo pambali n'kuyamba masikii, matabwa aja timamanga kumapazi potsetsereka paphiri. Sikii iliyonse ili ndi kachitsulo m'mbali mwake. Kachitsuloko kakabuntha, m'mawa chipale chitauma gwa, munthu umangoseseleka cham'mbali ngati mbale pathebulo lonyowa. Ndiye iwo amapana sikii pabenchi, kupala ndi tupa, kusalaza ndi mwala, kenako kuyesa pachikhadabo. Kakapala kaufa koyera, ndiye kuti kanoleka.

Chisanu chikafika pakati, zikhadabo zawo zimakhala zitatha, amayamba kubwereka za eni. Wapositi amadutsa pakhomo pawo manja ali m'thumba. Wansembe wa pakachisi anachita kuwaletsa, akuti anthu amamuyang'ana zala popemphera. Ine ndimawakalipira chaka ndi chaka, koma chala ndimaperekabe, nanga munthu woseka chonchija ungamumane bwanji.

Mkazi wawo ndi mng'ono wanga Setsuyo. Tili atsikana panalibe womupeza paphiri, ngakhale anyamata. A Kuniharu anamukwatira atatopa n'kumuthamangitsa, ndipo ukwati wawo wonse akhala akutsetsereka limodzi, iye patsogolo, iwo pambuyo akukuwa kuti awadikire. Kenako m'mawa wina Setsuyo anagwa paphiri, pamalo pamene chipale chinauma gwa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Fupalo linalumikizana bwinobwino, adokotala n'kumuuza kuti akhoza kubwerera kuphiri. Koma masikii ake anawakweza kudenga, ndipo zaka zinapita osawatchula.

Chimene chinkandipweteka ndi m'mawa wa chaka chatsopano. Kwathu kuno tsiku limenelo akuluakulu onse amakwera kukachisi kali pamwamba paphiri, kuliza belu, kuomba m'manja, n'kutsika pamodzi dzuwa lisanafewetse chipale. M'munsi ife timawadikira ndi thobwa la mpunga lotentha. Setsuyo ankaima pambali panga akutakasa mphika, phiri atalipatsa msana. A Kuniharu ankatsika okha, osakuwa, n'kumwa thobwa lawo mwakachetechete. Ndinkachita kulakalaka kumumenya ndi chipande mng'ono wangayo, komanso ndinkamumvera chisoni.

Ndiye chaka chino, tili m'dziwe lotentha losambiramo amayi, Setsuyo anangoti akufuna masikii ake atsitsidwe. Ndinaopa kuyankha kuti mwina angasinthe maganizo. Ndinangomuthira madzi kumsana.

A Kuniharu atamva anasiya ntchito za anthu onse. Masikii a ana asukulu anaunjikana pakhomo, iwo ali ndi a mkazi wawo basi. Ankapala, kuyesa, kupalanso. Ndinawapeza akung'ung'udza kanyimbo, magalasi ali pamphuno, tizitsulo tili mbwee pa juzi. Ndinawauza kuti akapitiriza masikiiwo asanduka timitengo todyera mpunga. Iwo anati m'mawa wa chaka chatsopano phiri limauma ngati galasi, ndipo safuna phazi la Setsuyo litererepo ngakhale pang'ono.

Tsopano pali chinthu chimene wonola masikii aliyense amachidziwa, ndipo a Kuniharu eni ake amachilalikira kwa aliyense wowapatsa khutu. Sikii si mpeni. Imanoledwa pakati, pansi pa phazi, koma kutsogolo ndi kumbuyo umabunthitsako dala ndi mwala, mwina kutalika kwa chikhatho. Ukapanda kutero nsonga imaluma chipale, sikii n'kukana kukhota. Alamu anga, munthu wa imvi pantchito imeneyi, ananola a mkazi wawo kuyambira kunsonga mpaka kumchira. Mwala wobunthitsira anautenga, n'kuubweza m'thumba. Dzanja linakana.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chithe, tinakayesa masikiiwo pakamtunda ka kuseri kwa nyumba yanga, pamene adzukulu amaphunzirira. M'munsi mwake ndi momwe ndimayanika daikoni, mizu yoyera ija timaipachika pathandala kuti iume ndi chisanu. Setsuyo anaima pamwamba nthawi yaitali, milomo ili gwa. Kenako anadzikankha ndi ndodo zake zotsetserekera. Anayamba bwino, mawondo atapinda ngati kale. Atafika pokhotera anapendeka thupi, masikii osamva. Anapendekanso, masikii ali chilunjikire. Analowa m'thandala langa ngati sitima, daikoni yense wa chaka chino n'kumugwera pamutu.

Sindinaganize za chiuno, ndinaganiza za denga lija, kuti basi masikii abwerera komweko ndipo sadzatsikanso. A Kuniharu anathamanga akumira m'chipale mpaka m'mawondo, nkhope itayera. Setsuyo tinamupeza atakhala pansi, chingwe cha daikoni chili m'khosi, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwake kwa utsikana kotulutsa misozi.

Anavula sikii imodzi, n'kuyendetsa chala kunsonga. Kenako anawayang'ana amuna ake.

"Abambo, mwachita chiyani apa?"

"Ndimaopa kuti ungaterereke," anatero a Kuniharu, mawu ali pansi.

"Ndiye munafuna ndipite chilunjikire mpaka kunyanja? Ine ndikufuna kukhota. Patseni mwalawo."

Anautulutsa m'thumba ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Setsuyo anaika sikii pamiyendo, pomwepo m'chipale, n'kubunthitsa yekha nsonga ndi mchira, mbali zonse, mosafulumira. Amuna ake anagwada pambali akumugwirira. Ine ndinkatola daikoni wanga ndikutukwana onse awiri, ndipo palibe anandimva.

M'mawa wa chaka chatsopano kunacha kopanda mtambo, kozizira koluma mphuno. Chipale chinauma moti nsapato zinkalira poyenda. Ndinatakasa mphika ndekha, maso ali kuphiri. Belu linalira kumwamba kuja, timadontho takuda n'kuyamba kutsika. Ena ankaseseleka, wina anakhala pansi ndithu. Jekete yofiira ya Setsuyo inatsalira pamwamba, ya buluu ya amuna ake ili pambali pake, mpaka onse anafika pakati. Thobwa linayamba kupserera, ine osasamala.

Kenako yofiira inasuntha. Inakhota kumanzere mwamantha, kumanja mwamantha, ndipo pofika pamalo paja anathyokera chiuno, ndinamva mpaka m'munsi kulira kwa chitsulo chikuluma pouma, khwee, khwee. Sikii inagwira. Kuchoka pamenepo mantha anathera pomwepo. Anayamba kudutsa nkhalamba zinzake mmodzimmodzi, ndipo kumbuyo kwake kunamveka mawu a alamu anga akukuwa kuti awadikire. Ndinalira, ndisaname, chipande chili m'manja.

Ndinamutungira thobwa n'kumutambasulira kapu. Anafika masaya ali psuu, anandiyang'ana, koma sanaime. Anandidutsa n'kulunjika kumipando yokwezera anthu kuphiri. A Kuniharu anafika akupuma wefuwefu, magalasi atachita nthunzi, n'kuima pamaso panga osadziwa kuti alandire kapu kapena atani.

"Abambo!" anaitana Setsuyo ali pamzere, akukupiza ndodo. "Thobwalo mumwa mawa. Fulumirani, chipale chisanafewe."