Munthu Amene Ananditukwana pa Khoti

Tinafika kufupi ndi Minga m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mabanja ochepa ochokela ku Chadiza, tikufuna nthaka. Kwathu minda inali itatopa. Chimanga chinkafupika kotelo kuti nkhuku zinkachita kuwelama kuti zichijomphe. Amene akuti ndikunama akafunse nkhukuzo.

Ansenga anatilandila bwino, natipatsa malo kutsidya kwa dambo. Iwo ankapemphela ku mishoni, ife tinabwela ndi mpingo wathu wa kwathu, ndipo tchalitchi chathu chapafupi chinali ulendo wa tsiku lathunthu. Tinamanga chisakasa cha udzu, tinagoneka mitengo yokhalapo, tinapachika khasu lakutha kuti likhale belu. Ine anandisankha kutsogolela mapemphelo chifukwa chodziwa kuwelenga. Za mawu anga oimbila palibe anafunsa, ndipo anadandaula pambuyo pake.

M'mudzi woyandikana nafe munali mphunzitsi wa katekisimu wa ku mishoni, munthu wowonda, wa njinga yopanda mabuleki. Tikakumana panjila tinkatsutsana za ubatizo mpaka mthunzi kusuntha kutisiya padzuwa. Iye ankati ndine nkhosa yosokela. Ine ndinkati kolona wake ndi mikanda ya akazi. Sitinali pa ubwenzi ayi.

Dzinja loyamba mwana wathu wamkazi anamwalila ndi malungo. Anali atangoyamba kuyenda. Tsono munthu sakumba manda a mwana wake, ndipo tonse a ku Chadiza tinali pachibale, wina mlamu, wina msuweni. Tinangokhala pabwalo kuyang'anana, mtembo uli m'nyumba. Dzuwa litakwela tinaona mphunzitsi uja akuwoloka dambo, khasu paphewa, anthu ake pambuyo. Sanafunse kuti mwanayo anabatizidwa kuti. Anasambitsa, anakumba, ananyamula, anakwilila. Pa nthawi ya pemphelo anaima patali, chipewa m'manja, natisiya tipemphele mwa kwathu.

Pochokela kumanda mphunzitsiyo anandigwila phewa nati, "Iwe, kuyambila lelo ndine mnungwe wako. Mphuno ngati chitsa."

Ndinadabwa kutukwanidwa pa tsiku lotelo. Mkulu wina wa Chinsenga anandikokela pambali nandimasulila. Kumeneko amene wakuikila malilo amakhala mnungwe wako mpaka imfa. Akhoza kukutukwana pagulu, ngakhale pamaso pa apongozi, ndipo palibe mlandu. Iwenso umamubwezela. Pakamwa pa mnungwe satsekapo munthu, ngakhale mfumu. Ndipo tsiku lake likadzafika, wokumba ndiwe.

Zaka zimenezo dziko linali litatentha. Anthu ankakana Chitaganya, ndipo boma linalamula kuti pasakhale msonkhano wopanda chilolezo. Ife sitinadziwe kuti kupemphela ndi msonkhano. Tsiku lina la Sabata kapaso, mesenjala wa khoti la mfumu, anafika pa chisakasa. Anali munthu waulemu, anadikila mpaka Amen. Kenako anamasula khasu lathu lija kuti likakhale umboni, nandiuza tsiku la mlandu. Mlandu wake unali wosonkhanitsa anthu popanda pepala. Anandiuzanso mosabisa kuti ukatigwela, chisakasa achigwetsa, ndipo ife alendo atibweza kumene tinachokela.

Mkazi wanga atamva anangofunsa funso limodzi: "Nanga mwana timusiya ndi yani?" Ankanena wa kumanda uja.

Ku khoti la mfumu kunalibe maloya. Munthu ankadziyankhila yekha, kapena m'bale wake wamkulu ankamulankhulila. Abale anga onse anali mu mlandu womwewo. Tinapita m'mamawa, tinakhala pansi kutsogolo kwa khonde. Mfumu inali pampando, nduna yofunsa milandu pambali pake, kalaliki pa tebulo, khasu lathu lili pamenepo ngati nalonso likuyembekeza kuweluzidwa. Anthu anadzaza bwalo. Mbuzi zinasowa podutsa, zina zinabwelela kwawo osadya tsiku limenelo, Mulungu ndi mboni.

Nduna inandifunsa ngati ndimasonkhanitsa anthu. Ndinavomela. Ngati ndili ndi pepala. Ndinati ndilibe. Ngati timakamba za Chitaganya. Ndinati timakamba za ufumu wakumwamba. Kalaliki anadzutsa mutu atamva mawu akuti ufumu, nalemba kanthu kwa nthawi yaitali. Ine ndimadziwika ndi pakamwa, koma tsiku limenelo lilime linauma ngati chikopa cha pa ng'oma.

Ndiye tinamva njinga ikugunda mtengo kumbuyo kwa anthu, poti ndimo inkaimila. Mphunzitsi uja analowa m'bwalo, nagwada, naomba m'manja.

"Bambo, khalani pansi," anatelo kalaliki. "Si inu m'bale wake. Ngakhale tchalitchi simupemphela limodzi."

"Mulungu andisunge, ndipemphele ndi uyu?" anayankha. Kenako anatembenukila kwa mfumu nanena m'Chinsenga, "Neo nine mnungwe wake. Mwana wake ndinaika ndine, ndi manja awa."

Nduna inayang'ana mfumu. Mfumu inangotambasula dzanja kuti alankhule. Lamulo la boma silinatchulepo za anungwe, koma aliyense pabwalopo ankadziwa kuti munthu wotele samukhazika pansi.

Mphunzitsi anayamba ndi ine. Anati ndine mlendo wosauka, wobwela ndi mphasa ndi njala. Anati wakhala akubisala kuseli kwa chulu masabata ambili, kumvetsela ngati ndikumubela nkhosa zake. "Ndale? Uyu? Mfumu, munthu uyu akayambitsa nyimbo agalu a m'mudzi mwanga amalowa m'nyumba. Akalalika, anthu ake omwe amagona. Boma likaopa uyu, liyambe kuopa achule a m'dambo." Anthu anaseka mpaka kapaso anaiwala kuwaletsa. Ine ndinangowelama. Zambili zinali zoona.

Kenako mawu ake anatsika, ndipo kuseka kunatha.

"Chiphunzitso chake n'cholakwa. Ndimamuuza, ndipo ndidzamuuzabe mpaka ndim'kwilile. Koma woweluza zimenezo si khoti lino. Kuseli kwa chulu kuja ndinamva anthu akupempha mvula, akupemphelela odwala, akupemphelela inu mfumu, ngakhale azungu a ku boma. Ngati umenewo ndi msonkhano, inenso ndili nawo. M'midzi imene ndimaphunzitsa timapemphela pansi pa mitengo, ndipo pepala la mtengo uliwonse ndilibe. Mumange tonse awili chingwe chimodzi. Lelo mukagwetsa chisakasa cha uyu chifukwa ndi ochepa, mailo adzabwela ena amphamvu kudzagwetsa changa, ndipo adzati khoti lino ndilo linayamba."

Kalaliki anati lamulo ndi lamulo, silinalembedwe ndi iye. Ananena zoona, ndipo sindinamusungile mkwiyo. Nayenso anali ndi amene ankamuopa ku boma ku Petauke.

"Ndamva," anatelo mphunzitsi. "Koma tsiku lomwe tinakumba manda a mwana wake, nthaka ya mfumu sinafunse pepala. Inamulandila. Amene ali ndi manda pano salinso mlendo. Mukuti amayi awa azidzalilila mwana wawo ali ku Chadiza? Nanga ine ndikafa adzandikumbila ndani? Mnungwe wanga ndi chitsilu ichi, wina ndilibe wa mphamvu zokumba."

Palibe anaseka. Ndinamva mkazi wanga akulila chamumtima kumbuyo kwanga, ndipo amayi ena a Chinsenga, amene sitinkawadziwa n'komwe, anasendela kukakhala naye.

Mfumu ndi nduna zinalowa m'nyumba kukapangana. Zinakhalitsa. Ndevu zanga zinamela ndili pamenepo, chonsecho ndinabwela nditameta. Mphunzitsi anadzakhala pafupi nane. Ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, ukudziika m'moto chifukwa cha nkhosa yosokela?" Anati, "Khala chete, ukununkha utsi." Sanandiyang'ane.

Chigamulo chinali chotele. Kutichotsa sangatichotse, poti tili ndi manda. Chisakasa chikhale. Koma lamulo la boma silingatayidwe, chotelo khasu likhala ku khoti, tisaitanenso anthu ndi belu, ndipo ine ndipite ku boma kukapempha chilolezo. Kufikila pepalalo litabwela, kapaso azikhala nafe Sabata lililonse kuti azimva zimene tikunena.

Ena mwa anthu anga anadandaula kuti kupemphela ndi mlonda si ufulu. Ananena zoona. Unali ufulu wodulidwa mchila, ndipo mpaka lelo ndikakumbuka kuti tinkapempha chilolezo cha munthu kuti tilankhule ndi Mulungu, mtima umandiwawa. Ku Petauke ndinapita, ndinabwelela, ndinapitanso. Nthawi zonse ankati bwelani mailo, ndiye kuti mawa. Chitaganya chinatha pepalalo lisanabwele.

Sabata lotsatila kunalibe choimba, ndiye ndinayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti nthawi yakwana. Anabwela onse, ngakhale aja ankakonda kudwala pa Sabata. Kapaso anafika ndi yunifomu yake, nakhala pa mtengo wakumbuyo, chipewa pa bondo. Ndinaimilila, ndinatsegula buku, ndipo ndinaona kuti anthu akuopa kutulutsa mawu pamaso pake. Tinayamba nyimbo monong'ona ngati akuba. Pa ndime yachiwili tinamva besi kumbuyo, yokhuthala, yogwedeza udzu wa padenga. Anali kapasoyo. Ankaidziwa nyimboyo mawu onse, kaya anaiphunzila kuti. Pamenepo anthu anamasuka, naimba mokweza mpaka kutsidya kwa dambo anamva.

Titatuluka, mkazi wanga anatenga khasu la kumunda napita kukalambula pamanda, chifukwa udzu unali utayamba kale kumela.