M'kompyuta Mulibe Kumanzere

Tsiku limenelo pamishoni ya Katondwe tinalipo ine, woyambitsa nyimbo m'tchalitchi. A sisita osunga kiyi wa ofesi. Aphunzitsi a ku Chipata amene boma linawatumiza kwathu. Katekisiti wa ku Kavalamanja, mnzanga wa paubwana. Ndi mwana wanga woyamba, kalaliki wa ku Boma. Panalinso kompyuta pathebulo, yofunditsidwa chitenje chifukwa cha fumbi. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Nkhani inali ya mabuku a nyimbo. Chiswe chinali kuwamaliza, atsopano osabwera. Anthu aja anadzipereka okha kutayipa nyimbo zonse kuti zisungike m'makina, kenaka zisindikizidwe. Koma aliyense anatayipa mwa njira yake. Disiki ya mwana wanga ataiika m'kompyuta ya pamishoni, panangotuluka timabokosi tokhatokha. Ine ndinati yapsa ndi dzuwa panjira, pakuti dzuwa la kwathu ku Feira silisewera.

Ndiye anati tipangane njira imodzi. Ine anandiitana chifukwa nyimbo ndine. Ndikayambitsa pamaliro, ngakhale a tsidya la Luangwa amamva.

Aphunzitsi anati kolasi izilembedwa kamodzi chabe. Ndinati, "Zoona!" Katekisiti anati ayi, izibwerezedwa pansi pa vesi iliyonse, apo ayi azimayi a kwawo adzailumpha. Ndinatinso, "Zoona!"

"Achimwene, muli kuti kwenikweni?" anafunsa katekisiti.

"Ndili pano, sukundiona?"

Kenaka mwana wanga anaimirira. Akuti mabuku athu anasindikizidwa zaka zosiyana, masamba sagwirizana, choncho za masamba tiziiwale. Nyimbo iliyonse izioneka ngati inzake: mutu pamwamba, mavesi pansi, basi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Zilembo zikuluzikulu ndimazigwira, koma zing'onozing'ono zimandithawa. Buku langa ndimalidziwa ndi maonekedwe. Nyimbo yotsitsira bokosi m'manda ili kumanzere, patsamba lopsa ndi kandulo. Ya chopereka ili kumanja, pamene panadontha mafuta a nsomba. Ya Pasaka ndi yaitali, yowonda. Anthu ankangoona ndatsegula buku ndipo mawu atuluka. Zinazo sizinali zawo.

Ndinagunda thebulo. "Manje nyimbo ya kumanda idzakhala kumanzere kapena kumanja?"

"Madala, m'kompyuta mulibe kumanzere," anatero aphunzitsi. "Nyimbo zimangotsatana. Taonani." Anadina batani, mizere inayamba kukwera n'kumasowa pamwamba pa galasi.

"Nanga imene yakwerayo yapita kuti?"

"Ilimo."

"Muti?"

"Momwemo, madala."

Ndinanyamuka kukasuzumira kuseri kwa makinawo. Kunali nthambo ndi buluzi. Katekisiti anaseka mpaka kutsokomola. "Mukufuna muigwire mchira, achimwene?"

Mpaka lero sindimvetsa. Buku lopanda tsamba, lopanda kumanzere, lopanda pakati, munthu amalitsegula pati? A sisita anafotokoza mofatsa kuti tikapangana njira imodzi, a ku Lusaka ndi a ku Chipata adzatha kutsegula disiki yathu, ifenso yawo. Zimenezo ndinamva. Chimene sindinamve n'chakuti ine ndidzaipeza bwanji nyimbo anthu ataimirira pamanda, maso onse ali pa ine.

Atati tikweze manja, onse anakweza. Inenso ndinakweza, langa pamwamba kuposa onse. Ine sinditsalira m'mbuyo pamsonkhano.

A sisita anasindikiza pepala loyesera n'kundipatsa. "Tate, tiyambitsireni iyi timve."

Pepala loyera mbee, lopanda banga, lopanda fungo. Mizere yake yofanana ngati ana a mimba imodzi. Ndinaliyang'ana, ndinalitembenuza, ndinayang'ananso. Onse ankadikira. Ndinakhosomola n'kunena kuti fumbi la mumsewu landitseka pakhosi, ndipo mawu ngati anga sawonongedwa pa zoyesera.

Pobwerera ndinkakankha njinga, buku langa lili m'thumba la jekete. Mwana wanga ankayenda pambali. Ine ndinkakalipa za jenereta ya pamishoni, za fumbi, za katekisiti wopanda ulemu. Titadutsa pachipatala, mwanayo anagwira chishalo cha njinga ndipo ndinaima.

"Atate, pepala lija linali la nyimbo ya kumanda. Mabuku atsopano akadzabwera, lanu mundipatse ine poyamba. Kandulo ndili nayo, tsambalo ndidzaliwotcha pakona. Za mafuta a nsomba mudzadontheza nokha."