Agogo Aili ndi Maliro a ku Rugare

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Rugare, mumzinda wa Harare, chaka chimene maso a bambo anayamba kuchita khungu. Penshoni yawo ya kunjanji sinkakwana ngakhale mankhwala, ndipo ine, ndi maphunziro anga osamalira odwala, ndinkangogulitsa tomato pamsika wa Machipisa. Utapezeka mwayi wokasamalira okalamba ku Finland, bambo anangoti, "Pita, Esinati. Ukavale zofunda."

Dzikolo ndi lozizira, ndipo anthu ake salankhula wamba. Ndinkatha Lamlungu lonse osamva munthu akutchula dzina langa. Mauthenga ochokera kunyumba ankayamba ndi moni n'kuthera pa ndalama. Ndinkatumiza, osauza aliyense kuti ndimadya ndekha, nditayang'ana khoma.

Kunyumba ya okalambayo kunali agogo ena, dzina lawo Aili. Ndege ikamadutsa ankasiya kudya, n'kuyang'ana pawindo mpaka izimiririke. Ngakhale lero ndikamva ndege kuno ku Harare ndimawakumbukira. Nditayamba kumva chinenero chawo, anandiuza za bambo awo. Anali munthu wa m'fakitale amene ananyamula mfuti pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Finland, akufuna kuti antchito ndi osauka alamulire dziko. Mbali yawo itagonja anathawira ku Russia. Kumeneko anakhala msilikali, kenako anaphunzira kuulutsa ndege zankhondo. Aili anabadwira komweko. Tsiku lina boma lomwelo limene ankalitumikira linawatenga, ati ndi mlendo wosadalirika. Sanabwerenso.

"Manda awo ali kuti, agogo?" ndinafunsa.

"Palibe akudziwa," anayankha. "Ku Russia ankati ndine wa ku Finland. Nditabwera kuno anati ndine wa ku Russia. Nanga iwe kwanu amakutcha chiyani?"

Ndinawauza kuti ku Harare ndife mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, koma ku Malawi ndife matchona. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Agogo Aili atamwalira, tonse obwera pamaliro pawo tinakwana pa benchi imodzi. Zimenezi zinandiwawa kwambiri. Choncho mlongo wanga atandiuza pafoni kuti bambo afooka, sindinadikire kuti kontirakiti ithe.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, sakuonanso. Anandisisita kumaso ndi manja n'kunena kuti, "Waonda." Ndinawauza kuti ndikufuna kuwatengera ku Dedza, kumene kunachokera bambo awo, kuti zikavuta akagone pakati pa abale.

"Abale ati?" anafunsa. "Ndikafika adzati ndine mwana wa yani, ndipo amene akanayankha anatha kale. Amayi ako ali kumanda a ku Mbudzi. Udzandiike pafupi nawo."

Mvula isanagwe, bambo anatisiya. Ndinkaopa kuti tidzalira tokha, koma msewu wathu unatsekeka ndi anthu. Madala a kunjanji anabwera ndi ndodo zawo, ena kuchokera ku Sunningdale, n'kukangana za amene anyamule bokosi. Amayi a pamsika anabweretsa nkhuni ndi makabichi.

Pamene bokosi linkatuluka, amene anayambitsa nyimbo anali Mai Moyo, neba wathu wachishona, amene ndili mwana ankaletsa ana awo kudya kwathu. Anaimba m'Chichewa nyimbo ya kutchalitchi imene kwa zaka zambiri ankaimva bambo akuimba kuseri kwa mpanda. Mawu ena ankawalakwitsa, koma tonse tinavomera momwemo, ndipo palibe amene anawakonza.