Sisita anadya nkhuku yanga n'kuyamikira mayi wina

Mpaka lero Sisita uja, namwino wa ku boma la Chama, ndikadamukwiyirabe. Koma theka la mkwiyowo ndi langa ndemwe, chitsiru cha ku Tembwe.

Zinali m'zaka za m'ma 80. Mwana wanga woyamba, Tiwonge, anafika miyezi inayi osaseka. Ana a anzanga kumwetulira, wanga duu, maso kudenga. Ndinkaopa kuti mutu wake suli bwino, kapena sakundifuna ine mayi wake. Ndinakadandaula ku sikelo. A chipatala anati atumiza munthu adzaone mmene ndimakhalira ndi mwanayo pakhomo.

Lachinayi m'mawa, Sisita uyo pa njinga. Mlendo wa ku boma! Ine woleredwa bwino ndingamusiye ndi njala? Ndinaponyera Tiwonge m'manja mwa mlamu wanga Esinati, ine liwiro kuthamangitsa nkhuku.

Sisita anakhala pamphasa n'kuuza Esinati kuti, "Manje chitani monga masiku onse, ine nizangoyang'ana chabe." Kodi anafunsa kuti mayi wa mwana ndani? Ayi ndithu! Anayenda mtunda wonsewo kudzaona mayi ndi mwana, funso limodzi lokha linamulemera. Esinati naye, pakamwa tsekee, akusewera ndi mwana ngati wake.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, thukuta kamukamu, nthenga m'tsitsi, ndikudzitama kuti mlendo akasimba za ine ku boma.

Dzuwa lili pamutu ndinabwera ndi mbale, ndinagwada. Sisita anadya mpaka kutafuna mafupa. Kenako anauza Esinati, "Amai, mwana wanu alibe vuto. Waseka kawiri. Mumuyang'ana bwino m'maso, pitilizani." Atatero anandiloza ine. "Na mng'ono wanu uyu aphika bwino."

Mukuganiza ndinamuwongola? Ndinawomba m'manja n'kunena zikomo. Ndinamugwiriranso njinga pokwera.

Atapita m'pamene mawu aja anandilowa. Waseka? Miyezi yonse ndikudikira, ndikulira ndekha kumunda, mwana wanga n'kusekera mlamu ndi mlendo, ine ndikusosola nkhuku! Ndinakhala pansi n'kulira.

Inu a chipatala, mukafika pakhomo yambani mwafunsa kuti mayi ndani. N'zovuta zimenezo? Inu azimayi anzanga, akabwera odzaona mwana, nkhuku isiyeni iziyenda, mwana akhale m'manja mwanu.

Tiwonge anadzandisekera mawa lake, inde. Koma kuseka kwake koyamba kuja, mpaka lero ndimachita kufunsa Esinati kuti kunamveka bwanji.