Mwendo unatsala pa klatchi

Achimwene anga anabwerako ku Congo ndi mwendo umodzi wawo ndi wina wa boma. Anapita kumeneko ngati dalaivala wa malole a asilikali osungitsa mtendere, ndipo tsiku lina zigawenga zinawabisalira pa msewu wa m'nkhalango. Mwendo wakumanzere madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Atagona m'chipatala miyezi yambiri, anawapatsa woikirira, wachitsulo ndi pulasitiki, wokhala ndi phazi losalala bwino. Amayi athu ataliona phazilo analitembenuza uku ndi uku, nkunena kuti limeneli si la kwathu kuno, phazi la munthu wa ku Ngabu silikhala lopanda ming'alu.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale pafupi ndi kwathu, ndipo ndinali ndi kagalimoto kanga kakang'ono ka otomatiki, kogula kwa munthu. Achimwene ankakanyoza kagalimotoko kuyambira kale. Ankati galimoto yopanda klatchi ndi wilibala ya injini, ndipo woiyendetsa si dalaivala koma katundu wokhala kutsogolo. Koma popeza kunalibe wina, ndi wilibala yomweyo imene inkawakweza phiri la Thabwa kupita nawo ku Blantyre ku mafizo ozoloweretsa mwendo watsopanowo, iwo atakhala pambali panga, akuponda buleki ya m'maganizo pa khona iliyonse.

Amayi amene ankawapangitsa mafizo anali aafupi, olankhula mosathamanga. Achimwene atawafunsa ngati adzayendetsenso galimoto, iwo anayankha kuti inde, koma pali zinthu ziwiri.

"Choyamba ndi mwendo. Phazi ili silimva chimene laponda, ndiye klatchi muyambe mwaiiwala. Muyambire pa otomatiki. Chachiwiri ndi mutu. Anzanu ambiri akabwerako kunkhondo amayendetsa ngati adakali komweko. Muyambire pabwalo popanda anthu, kenako misewu yaing'ono, ndipo chilichonse chimene mukuona muzichitchula mokweza. Pambali panu pakhale munthu wodekha. Alipo kwanu?"

Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Alipo chemwali wangayu."

"Ndi wodekha?"

"Ndi mphunzitsi," anatero achimwene mwachisoni.

Titafika kumudzi, malangizo onse aja anawasiya m'galimoto. M'mawa mwake anapita kwa amalume, amene anali ndi pikapu yakale yonyamulira thonje, nkuwauza kuti akufuna kuwaonetsa madokotala kuti msilikali sauzidwa za klatchi. Amalume ankaikonda pikapu imeneyo kuposa ng'ombe zawo, koma munthu wochokera kunkhondo ungamukanize bwanji? Anaiyendetsa okha mpaka pabwalo la mpira, natsika, naimirira patali atagwira chipewa pachifuwa ngati ali pamaliro.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanakhaleko ku Chigwa cha Shire mwezi umenewu sadziwa kuti munthu amatuluka thukuta ngakhale m'zikope. Komabe anthu anadzaza m'mithunzi ya mitengo: amayi ogulitsa masau, abambo a bawo, a kabaza amene analibe wokwera. Bwalo lopanda anthu limene ananena amayi a mafizo lija kwathu kulibe.

Achimwene analiza injini, naponya giya yoyamba, ndipo pikapu inanyamuka bwinobwino. Anazungulira bwalo, dzanja limodzi lili pawindo. Anthu anaombera m'manja. Pozungulira kachiwiri tinamva giya ikulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Pikapu inadumpha, nkuima, nkudumphanso, kenako inalunjika ku golo. Amalume anayamba kuithamangira akuiitana ngati mwana. Inakagunda mtengo wa golo mosapweteka, nsungwi yapamwamba nkugwera pa boneti, injini nkuzima.

Chitseko chinatseguka. Achimwene anatsika ndi mwendo umodzi, atagwirira chitsekocho, mwendo wa thalauza wakumanzere ukuuluzika ndi mphepo. Thukuta linali litatereretsa mwendo woikirira uja, ndipo unavuka. Unatsala m'kati, nsapato yake yopolishidwa itapanikizika pakati pa klatchi ndi buleki.

Palibe amene ankadziwa ngati nkololedwa kumuseka msilikali. Ine ndinachita mantha, poti chibwerereni achimwene ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, ngakhale supuni ikagwa. Anasuzumira m'galimoto, nauyang'ana mwendowo, kenako anatembenukira kwa anthu.

"Mwaona mwambo wa usilikali?" anatero. "Uyu watsala pamalo ake a ntchito. Wathawa ndine."

Mayi wina wa masau ndiye anayamba kuseka, kenako bwalo lonse linaphulika. Amalume okha sanaseke, ankasisita boneti.

Umu ndi mmene achimwene analowera mu wilibala yanga. Tsiku loyamba ndinaphunzira kuti mwendo wa dalaivala suiwala, ngakhale utakhala wapulasitiki. Akafuna kusintha giya imene kulibe, mwendo wakumanzere unkanyamuka wokha kukafuna klatchi, nkupeza buleki. Ine chipumi pa galasi, gu! Zitachitika kangapo, ndinaimbira amayi a mafizo ndili ndi chotupa pamphumi. Iwo anati aziupinda mwendowo kumbuyo, ukakanika aziuvula kaye. Achimwene anasankha kuuvula. Ankaukhazika pampando wakumbuyo nkuumanga lamba, ati wapaulendo aliyense amange lamba.

Titatuluka pabwalo nkulowa mumsewu, ndi pamene ndinamvetsa chinthu chachiwiri chija. Achimwene ankayenda pakati penipeni pa msewu, ati m'mbali ndi mmene amakwirira zinthu. Jumbo ikauluka, ankaikhotera ngati ndi ng'ona. Tikafika pamsika, pamene munthu aliyense amachepetsa liwiro, iwo ankaponda moto, poti kumene anachokera malo odzaza anthu suimapo. A kabaza a ku Ngabu anayamba kukadziwa kagalimoto kanga patali, ndipo ankalowa m'tchire okha asanaimbiridwe hutala.

"Achimwene, paja anati muzitchula zimene mukuona."

"Ndizilankhula ndekha ngati wamisala?"

"Mukulankhula ndi ine."

Anayamba, koma mwa usilikali.

"Kutsogolo kumanzere, anthu atatu, anyamula katundu pamutu. Zolinga zawo sizikudziwika."

"Ndi azimayi, akuchokera kuchigayo."

"Kumanja, ngolo, ng'ombe ziwiri, woyendetsa mmodzi. Wabisa dzanja."

"Akukanda mimba."

"Mbuzi. Yaima mokayikitsa."

Ndinkaseka mpaka misozi, iwo nkhope ili gwa. Koma ndinaona kuti akachitchula chinthu, ine nkuchipatsa dzina lake la kumudzi, mapewa awo ankatsika pang'ono.

Tsiku lina sitinaseke. Tinali pa msewu wa tala kuyandikira ku Nchalo, kutsogolo kwathu kuli lole yodzaza nzimbe. Tayala la loleyo linaphulika. Sindinaone nkomwe mmene zinachitikira. Ndinangozindikira galimoto yaima m'mbali mwa msewu, mutu wanga uli pa mawondo, dzanja la achimwene litandikanikiza pakhosi, iwo atandiphimba ndi thupi lawo. Ankapuma ngati athamanga mtunda wautali. Fungo la labala ndi la nzimbe linalowa pawindo.

"Achimwene," ndinatero ndili pansi pomwepo, "tchulani."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono nkusuzumira pagalasi.

"Lole," anatero. "Ya nzimbe. Tayala."

Anandisiya. Anandiuza, akuyang'ana kutsogolo, kuti tsiku lija ku Congo pampando umene ndinakhalawo panali mnzawo wa ku Mzimba amene ankakonda kuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu, ndipo iwo sanathe kumugwetsa pansi msanga. Tinakhala pamenepo mpaka anthu anayamba kutola nzimbe zimene zinagwa. Pobwerera ndinayendetsa ine, ndipo tsiku limenelo sanaponde buleki ya m'maganizo.

Anakhala osakhudza makiyi kwa kanthawi ndithu. Amene anawabweza pa chiwongolero ndi amayi athu, koma osati ndi uphungu ayi. Ankafuna kupita ku Chapananga kukaona mng'ono wawo amene ankadwala, ndipo ananena poyera kuti kuyendetsa kwa ine kumawachititsa nseru. Amayi ndi Msena wa ku Nsanje, wokwatiwa kwa Amang'anja, ndipo zaka zawo zonse agulitsa nsomba zouma m'misika ya m'chigwa chonse. Anakhala kumbuyo, pambali pa mwendo, atausuntha pang'ono kuti pakwane dengu.

Titangochoka pa tala, achimwene anayamba.

"Kutsogolo, bambo mmodzi, waima pansi pa mlambe. Zolinga zake..."

"Zolinga ninji?" anawadula amayi. "Ameneyo ndi uja anakwatira mwana wa mlongo wa abusa, mkazi nkumuthawa chifukwa cha kachasu. Akudikira amene angamugulire. Usamuyang'ane, angatiimitse."

"Njinga yamoto ikubwera kumbuyo mothamanga."

"Musiye adutse. Ali ndi akazi awiri, wina ku Dyeratu wina kuno, ndiye moyo wake ndi wothamanga."

"Gulu la anthu pamsewu."

"Nkhabe, si gulu wamba, ndi a kwa amfumu aja analimbirana mbuzi pa chinkhoswe. Chepetsa, ndione amene wanenepa."

Achimwene anachepetsa. Aka kanali koyamba chibwerereni kuti ayende pang'onopang'ono pakati pa anthu, ndipo anachita zimenezi kuti amayi aone bwino amene wanenepa. Ulendo wonse unayenda choncho. Munthu aliyense wokayikitsa amayi ankamudziwa agogo ake, matenda ake ndi mlandu wake. Amene sankamudziwa ankamupekera. Pofika ku Chapananga, fumbi lili m'mano, achimwene anali akufunsa okha kuti, "Nanga uyu wa malaya ofiirayu anatani?" Amayi potsika anaugwira phazi mwendo uja nkuuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mwayenda bwino, simunalankhule zambiri ngati enawa."

Kuyambira pamenepo amayi anakhala mbali ya maphunziro. Amayi a mafizo nditawafotokozera anaseka nkunena kuti njira imeneyi sanaiphunzire kusukulu, koma tisaisiye. Mantha sanathe onse. Mpaka lero chinthu chikaphulika achimwene amaima pambali, nkupuma kaye. Koma amabwereranso mumsewu, ndipo amayenda kumanzere ngati anthu ena onse.

Atapita kukayesedwa kuti laisensi yawo ilembedwe za otomatiki, ine ndinatsala panja ndi nkhawa. Anabwerako woyesa uja akupukuta m'maso. Ndinaganiza kuti zavuta. Koma bamboyo anandiuza kuti chiyambireni ntchito sanakwerepo galimoto imene dalaivala wake amalengeza kuti, "Kumanzere kwanga, bambo wa fayilo, sakumwetulira, mwina sanadye m'mawa."

Pano achimwene ali ndi galimoto yawo ya mipando isanu ndi iwiri, ya otomatiki, ndipo amanyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Chapananga. Mawu oti wilibala sawatchulanso, amati galimoto zamakono. Ena okwera amadandaula kuti dalaivala ameneyu salola wailesi ndipo pakamwa pake sipatseka. Koma pali agogo ena aamuna osaona, a kufupi ndi msika wa ng'ombe, amene amakana kukwera galimoto ina iliyonse. Amadikira padzuwa ndi ndodo yawo mpaka achimwene afike, ndipo amafuna mpando wakutsogolo. Tsiku lina ndinakwera nawo. Achimwene anatchula ngolo, anatchula ana a sukulu, kenako anakhala chete pang'ono poganiza zina. Agogo aja anawagwira pa bondo.

"Bwanji mwazimitsa, adalaivala? Tadutsa kale pa mjigo paja? Kunali ndani lero?"

"Azimayi awiri, agogo, ndi bambo wa chidebe chachikasu."

"Wa chidebe chachikasu," anatero agogowo akugwedeza mutu. "Ndiye kuti mkazi wake sanabwerebe."