Kukoka Chigayo Kuchokera pa Kameza Mpaka ku Bangwe

Tinanyamuka pa Kameza Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, chigayo changa chili pa ngolo kumbuyo kwa galimoto ya alamu anga, a Nyirenda. Chigayocho ndinagula ndi penshoni ya malemu amuna anga, ndiye khosi linachita kuwawa ndi kucheuka. Alamuwo amagwira ntchito m'boma, ndipo galimoto yawo ndi ya dizilo, ya tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini. Tebo imeneyi amaitchula kawirikawiri kuposa mayina a ana awo.

Pambali pa chiwongolero panali kawotchi kena kachilendo. Ndinafunsa ntchito yake.

"Alamu, n'kongokongoletsa. Ndinakapeza momwemo pogula."

Pa Chirimba anaima kuti atole wa matola, ati mafuta akwera. Anakwera bambo wachikulire, a Makwinja, ndipo analipira K1,000 ya ku Limbe. Anati kale ankayendetsa mathiraki a ku Beira. Alamu anangokweza wailesi.

Titayamba chitunda cholowera ku Ndirande, alamu anakakamira giya faifi, phazi lili pansi. Injini inayamba kubuula, utsi wakuda bii uli tolotolo kumbuyo. Wakabaza wina anatipitirira akukuwa, "Biggie, mukuwotcha makala?"

"Bwana," anatero a Makwinja, "kawotchiko kakuyeza kutentha kwa utsi wa mu ekizosi. Muvi ukafika pofiira, mapisitoni asungunuka. Bwererani giya fili, muchepetse moto, injini ipume."

"Madala, ine ndinawerenga pa intaneti. Giya yaikulu imasunga mafuta."

Muvi unagunda pofiira. M'galimoto munamveka fungo la chitsulo chopsa, liwiro n'kutsika mpaka amayi osenza nkhuni anayamba kuyenda nafe limodzi. M'maganizo ndinaona injini itazima, ngolo ikutikokera chafutambuyo, chigayo changa chili mu ngalande.

"Alamu," ndinatero, "ngati mwatopa nayo galimotoyi ipheni, koma muyambe mwamasula chigayo changa."

Anapatuka pamwamba pa chitunda, dzanja n'kuthamangira pa kiyi. A Makwinja analigwira.

"Musazimitse! Tebo ikadali moto. Oilo akasiya kuzungulira, ipsa. Isiyeni ilire yokha mpaka muvi utsike."

Tinakhala pamenepo mphindi khumi. Ine ndi a Makwinja tinagula tchipisi cha pachiwaya cha K1,500, cha tsabola wambiri. Alamu anatsegula boneti n'kumayang'anamo atagwira m'chiuno, ngati dokotala amene waiwala mbali yokhala mtima. Kwa anthu amene anaunjikana ankati, "Palibe vuto, ndikungoiona."

Cha m'ma 10 tinafika ku Limbe, pamene a Makwinja amayenera kutsika. Ndinayang'ana msewu wokwera ku Bangwe, n'kutembenukira kwa a Makwinja.

"Bambo, chonde tiperekezeni. Ya minibasi yobwerera ndikupatsani."

Mwadzidzidzi alamu anakumbukira kuti akudikira foni yofunika ya kuofesi, Loweruka, ndipo sangayendetse akuyankhula. Anasamukira pa mpando wa pambali. Foniyo sinalire mpaka lero.

A Makwinja anakwera chitundacho ndi giya thu, mwina fili, diso lili pa kawotchi. Muvi ukati usunthe, ankanyamula phazi pang'ono. Maminibasi ankatiimbira mahutala, kondakitala wina n'kufunsa ngati tanyamula maliro. Utsi unayera, muvi unakhazikika pakati.

Tinafika ku Bangwe 11 itadutsa. Anthu a m'dera lathu atabwera kudzathandiza kutsitsa chigayo, alamu anatuluka msanga, n'kusisita boneti.

"Mwaiona mphamvu ya galimotoyi? Chitunda chonsechi osatuluka thukuta!"

A Makwinja anangopukuta manja n'kupempha madzi akumwa.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti injini ikamavutika imanena, ndipo imanena nthawi ikadalipo. Tsoka lake n'lakuti imagulidwa ndi wandalama, osati wamakutu.