Atate ndi Benchi Lakumbuyo

Atate anga ankagwira ntchito kumgodi, ndipo tinkakhala ku Chowa, komboni ya m'tauni ya Kabwe. Loweruka lina, m'zaka zija za chipani chimodzi, anakangana ndi mnzawo wa pantchito kumowa. Anaponya botolo, ndipo mnzawoyo, Mbemba wamtali wokonda nthabwala, anataya diso lamanzere.

Akulu a mpingo anawaika atate pa chilango. Kwathu wolangidwa amakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo mbale ya Mgonero imamudutsa. Atate analandira osatsutsa, mowa n'kuusiyiratu. Nthawi ya chilango itatha, akulu anabwera kunyumba kudzawauza kuti abwerere ku gome la Ambuye.

"Diso lija labwerera?" anafunsa atate.

Akuluwo anayang'anana. Mmodzi anayamba kufotokoza za mwazi wa Mwanawankhosa, koma atate anangothokoza, nawaperekeza mpaka pamsewu.

Kuyambira pamenepo anafuna kudziwombola okha. Akaweruka kumgodi ankasesa pabwalo la tchalitchi. Ankamulimira mnzawo uja dimba, ankamuimira pamzere wa ufa ndi sopo. Mwiniwakeyo zinamutopetsa. Abemba ndi ife Angoni ndife a chimbuya, timanyozana popanda wokwiya, tsono iye ankawakalipira anthu akumva:

"Iwe Mngoni wodya mbewa, ndine mkazi wako ine kuti uzindilimira? Ndi diso limodzi lomweli ndikuona bwinobwino kuti ndiwe chitsiru. Ndinakukhululukira kalekale. Pita ukadye mkate wa Mulungu wako, undileke ndipume!"

Atate ankaseka, mawa lake n'kubweranso ndi khasu.

Amai nawo ankachonderera. "Atate ake ana, kodi pamtanda paja panatsala ntchito yoti mumalize ndinu?"

"Chaka chamawa, amake," ankayankha motero.

Kenaka chifuwa chinawagwira atate. Lamulungu lomaliza limene anatha kuyenda mpaka kutchalitchi linali la Mgonero. Ndinali nditakula, ndili wodya Mgonero, ndipo ndinakhala pafupi nawo kumbuyoko. Mkulu wonyamula mbale anafika pa benchi lathu. Ine ndinatenga. Mkuluyo sanachoke, anaimabe dzanja lili chitambasulire. Atate anayang'ana mkatewo, kenaka anapukusa mutu. Mbale inapitirira. Mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Tsopano ndapitirira zaka zimene iwo anafika. Ndikuona kuti pa chinthu chimodzi ankanena zoona: diso silibwerera, ungalime madimba onse a m'Kabwe. Koma n'chifukwa chake panafunika Momboli. Chimene munthu sangathe kubweza anachisenza Wina, ndipo chinakwanira. Sindikayika kuti mwazi uja unawafikira atate, pakuti chiwombolo sichidikira kuti wochimwa ayambe wadzimva woyenera. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anapita ndi njala, chakudya chawo chili pamaso pawo.